Mphika Wanga Unkasasa Lachitatu

Nkhondo ya Ajeremani itatha, chimfine chachikulu chija chitasesa midzi n'kudutsa, m'pamene ine ndinakwatiwa, ndipo ndikamakuona iwe Felista ukupanikiza mpunga wotentha m'kontena yakoyo n'kutseka kuti gwa, akuti ukadye mpaka Lachisanu kuntchito kwako ku esiteti, ndikungoseka chamumtima, chifukwa uchitsiru umenewo unayamba ndi ine azakhali a bambo ako, usaganize kuti wautulukira ndiwe. Tatsekula kaye upite mphepo, ndipo nawenso mnzakewe sendera mumthunzi muno, dzuwa la kuno silisewera. Mukuti tchipisi za pageti zikukutherani ndalama, zoona, koma tamvani mmene ine ndinatsala pang'ono kuthetsa banja langa ndi mphika umodzi.

Amuna anga anali a Alufandika, munthu wamtali, wosayankhulayankhula, woti ukamufunsa kuti kwacha bwanji amayamba wayang'ana kumwamba ngati akufuna atsimikize kaye. Tinkakhala kwathu kwa Mlolo, iwo ali pachikamwini, ndipo ntchito anaipeza yodula nkhuni za sitima ya pamtunda tsidya la Shire, pakuti masiku amenewo sitima inkadya nkhuni, osati mafuta. Ankachoka Lolemba m'mawa n'kubwera Loweruka. Kumsasa kwawoko ankalandira phoso, kaufa ndi kamchere, koma ameneyo ankaphika akaweruka, ndipo masana m'tchire munalibe zosonkha moto. Kapitawo ankangomenya chitsulo, munthu ukhale pansi, udye chomwe wabwera nacho, chitsulo chilirenso, udzuke. Ndiye chakudya cha masana cha masiku onse asanu chinkachokera kunyumba, ndipo wokonza kamba ameneyo anali mkazi wa munthuyo.

Ine pofuna kuonetsa kuti mayi anga anandilera, Lamulungu lililonse ndinkagwira ntchito ngati kuli ukwati. Ndinkaphika mbatata za kudimba, mkate wa nthochi wofewa bwino, nsomba za makakana zothira nsinjiro, msuzi uli tho, ndipo zonsezo ndinkaziika mumphika waukulu zikadali zotentha, n'kuvundikira ndi masamba a nthochi, n'kumanga ndi luzi kuti ntchentche ingakhale imodzi isalowe. Mchere ndinkausamala kwambiri, pakuti kale mkazi akakhala kumwezi sankathira mchere m'ndiwo, ankati mwamuna akadya adwala mdulo, ndipo masiku oterowo ankandithirira mayi anga. Inu a lero mumangowaza mchere tsiku lililonse osaganiza kanthu, koma ife tinkauopa. Mwambo wonse ndinkausunga ndithu, chomwe sindinkadziwa n'chakuti kutentha kwa kuno kumachita chiyani ndi mphika wotseka.

Loweruka amuna anga ankabwera mphika uli mbee, wotsukatsuka, ndikafunsa kuti kamba anali bwanji ankangoti, "Anali bwino." Koma munthuyo ankaphwa. Mwezi woyamba ndinati ndi nkhwangwa, mwezi wachiwiri nthiti zinayamba kuoneka, ndipo Lamulungu lonse ankangokhalira kuthamangira kuthengo atagwira pamimba. Amayi aang'ono, omwe pakamwa pawo panalibe chitseko, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti, "Mwamuna akamaonda chonchi mkazi akuphika, ndiye kuti maganizo ake ali kwina. Kumsasa kuja kuli akazi ogulitsa zakudya, tsegula maso."

Loweruka lotsatira, ndikutsuka dengu lawo, ndinapeza pansi pake kaphukusi komwe sindinamange ine. Kanali kokulunga m'makoko a chimanga, komanga ndi mlaza, mfundo zake zachilendo, zinayi zondondozana. M'kati munali kamkate kouma, kofiirira, kolimba ngati dothi lowotcha. Mkazi wanzeru akanalira, kapena akanathamangira kwa ankhoswe, koma ine, mundikhululukire, ndinayamba ndalawa. Ndinabadwa choncho, chinthu ndikachiona ndimafuna ndidziwe kuti chapangidwa bwanji. Ndipo kanali kokoma, ana inu, kafungo ka mapira okazinga, mtedza, ndi kauchi patalipatali, mchere munalibe ngakhale pang'ono, komanso kosasasa ayi. Ndinatafuna misozi ikutsika, mtima ukuwawa kuti pali mkazi wina akudyetsa amuna anga, koma mutu ukufunsa kuti kodi iyeyu amatani kuti zake zisawonongeke?

Amuna anga sindinawafunse, ndinaopa yankho. M'malo mwake Lamulungu ndinaphika miphika iwiri yofanana, wina ananyamula iwo, wina ndinaubisa kutsindwi, kuti ndizidya tsiku ndi tsiku chomwe iwo akudya. Lolemba zinali bwino. Lachiwiri nsomba zinayamba kukayikitsa, koma ndinameza. Lachitatu nditamasula luzi, fungo linandikankha mpaka pakhomo, mbatata zikunanda, mkate utachita chuku, nsinjiro zikuchita thovu, ndipo galu wathu, yemwe ankadya chilichonse, ananunkhiza n'kuchoka. Ndinakhala pansi manyazi atandigwira, kenaka mantha, chifukwa ndinati ngati zanga zimafa Lachitatu, ndiye kuti Lachinayi ndi Lachisanu amuna anga amadya kwa mwini mfundo zija, ndipo mwamuna wodya kwina masiku awiri tsiku lina adzadya kumeneko masiku onse.

Lachinayi m'mawa ndinauza mayi anga kuti ndikupita kudimba, koma ndinalunjika kudooko, n'kupatsa mwini bwato mazira awiri kuti andiwolotse. Lero mumakwera njinga, ife inali miyendo, ndipo ndinatsata njanji makoko aja ndi mlaza wake ndili nazo m'manja, mpaka ndinafika pamisasa dzuwa lisanafike pamutu. Amuna onse anali kutchire. Pansi pa mtengo wa bwemba panali mkazi akukazinga mapira m'phale, timaphukusi tili ndandanda pamphasa, mfundo zake zomwe zija. Ndinkayembekeza kuti mwina ndi nkhalamba, koma ayi, anali wamsinkhu wabwino, wonenepa bwino, mikanda ili m'khosi. Dzina lake anali Nyasande, Msena wochokera kwa Apwitikizi, mwamuna wake anafa ndi chimfine chija, ndipo ankadzisunga pogulitsa kamba kwa odula nkhuni.

Ndinaponya makoko aja pamphasa pake n'kunena kuti, "Izi ndazipeza m'dengu la amuna anga, a Alufandika."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ndipo anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Ndiwe mwini mphika ule? Mphika unanunkha msasa onsene? Khala pansi, m'bale wanga, ndakhala ndikufuna kukuona nkhope."

Ndinafuna kumulumphira, koma maso anga anali kale pa phale lija, ndipo pakamwa panatuluka zina. Ndinati, "Mumathiramo chiyani kuti zisasase?"

"Nkhabe, palibe chothira," anatero iye. "N'chochotsa. Madzi. Iwe umamutumizira mamuna wako madzi ndi moto, n'kutseka pakamwa pa mphika, ufuna zichite tani?"

Ndipo mkazi amene ndinapita kukamenyana naye uja anandikhazika pamphasa n'kuyamba kundiphunzitsa, ine n'kumafunsa ngati mwana. Anati chophika chilichonse chiyambe chazizira pamphepo usanachikulunge, ndipo chipite m'dengu loti mpweya uzidutsa, osati mumphika. Anati masiku sali ofanana, usawaphikire mofanana. Lolemba munthu adye zofewa, mbatata yootcha ndi kansomba, Lachiwiri mkate wa nthochi, koma wowotchanso paphulusa mpaka kunja kuume. Kuyambira Lachitatu msuzi ayi, nsinjiro zophika ayi, koma mlamba wowamba kawiri mpaka uzithyoka ngati nkhuni, mbatata zolenga n'kuyanika, chimanga chokazinga. Kamkate kaja ndiye ka masiku otsiriza: ukazinge mapira, usinje pamodzi ndi mtedza wokazinga, womwe iye ankati manduwi, udontheze kauchi kongogwirizitsa, uumbe, uyanike padzuwa tsiku lonse. Anandionetsanso ufa wa malambe m'kachikho, woti munthu akathira m'madzi amwe, pakhosi patseguke. Nditafunsa za mfundo anati n'zowerengera masiku, imodzi Lolemba, zinayi Lachinayi, kuti mwamuna, poti amuna saganiza, asayambire kudya cha Lachisanu. Zonsezi, Felista, panalibe chogula, zinali za kudimba, za m'madzi ndi za m'tchire, zomwe kwathu zinali mbwee ine n'kumazipondaponda.

Nditamva zonse mtima unabwerera pa chomwe ndinadzera, ndipo ndinafunsa kuti, "Ndiye amuna anga amadya kwa inu kuyambira liti?"

Nyasande anasiya kutakasa. "Kaphukusi kaja unakapeza kotani, kodya kapena kathunthu?"

"Kathunthu."

"Tsono? Munthu wodya kwa ine angabwere nako kunyumba kathunthu? Ndinamumvera chisoni, ndinamupatsa ulere, anakana. Ndinachita kukaponya m'dengu mwake iye atapita kukasamba. Chitsulo chili pafupi kulira, pita kuseri kwa mulu wa nkhuni ule ukaone wekha."

Inu, nzeru zonse zija ndinali nazo zobisa mphika kutsindwi, koma chinthu chapoyera chotere sindinachiganize.

Chitsulo chinalira, amuna anatuluka m'tchire thukuta lili kamukamu, n'kukhala m'magulu kumasula timaphukusi tawo, koma a Alufandika anatenga mphika wanga uja pomwe ankaubisa, n'kupita okha kuseri kwa mulu wa nkhuni za tsanya. Ndinawatsatira mwakachetechete. Ndinawaona akupala chuku pamkate ndi kampeni, akutsuka mbatata yonanda ndi madzi a m'chikho, n'kumameza atatsinzina, osatafuna. Limenelo linali Lachinayi, chakudya chomwe galu anachikana dzulo lake.

Ndinati, "Bambo, tayani zimenezo."

Anadzidzimuka mpeni n'kugwa, ndipo chomwe anayamba kuchita n'kubisa mphika kumbuyo, ngati mwini mphikawo si ine. Ndinagwada pomwepo ndikulira, n'kuwafunsa kuti bwanji osandiuza miyezi yonseyi. Anayang'ana kumwamba monga mwa chizolowezi chawo, n'kuti, "Umadzuka m'mawa kwambiri Lamulungu, umaphika ukuimba. Ndikanayambira pati?"

"Nanga bwanji osadya za mayi aja, poti anakupatsani ulere?"

"Za mkazi wosamudziwa? Ndingadziwe bwanji kuti mchere anathira ali bwanji? Ndimaopa mdulo ine."

Sindinawatsutse. Ndinatenga mphika uja n'kukakhuthula kudzenje, ndipo ndinabwerera kwa Nyasande n'kumupempha timaphukusi tiwiri, ta mfundo zinayi ndi zisanu, n'kumusiyira mkanda wanga wa pamkono. Amuna anga anakalandira kuchokera m'manja mwanga, n'kudya pamaso pa anzawo onse. Kuyambira sabata yotsatira dengu lawo linkapita ndi timaphukusi tisanu, mnofu unabwerera, ndipo amayi aang'ono anayamba kuuza anthu kuti ndi iwo anakonza banja langa. Nyasande tinakhala paubwenzi mpaka imfa yake, ndipo mwana wanga woyamba wamkazi anamutcha dzina ndi iyeyo.

Ndiye iwe Felista, mpunga wakowo ndi wa mawa lokha, uzizire kaye. Wa masiku enawo tikazinge mtedza, mlamba uli pansanjapo tiuwambenso, ndipo ngati mapira mukuwaona achikale, chimanga chilipo. Ndalama ya tchipisi isunge. Koma tsiku lomwe udzayambe kumangira munthu wina kamba, uzisiyako pang'ono kunyumba, ulawe wekha Lachitatu, chifukwa alipo anthu ena oti sadzakuuza, adzangomeza.

A Alufandika tinakhala nawo mpaka tsitsi lathu tonse linachita mbuu, ndipo nthawi zonse nkhaniyi ikatuluka ankaumirira kuti iwo ankaopa mdulo basi. Ine ndinkangovomera kuti inde bambo. Sindinawauze mpaka anamwalira kuti kamkate kaja ndinakalawa ndine, ndiponso kuti Nyasande anandiuza kuti tsiku lomwe anakakana lija anawalumbirira kawiri konse, iwo akumva, kuti mulibe mchere.