Pakamwa Panga ndi Kuponi ya a NyaGondwe

Abale anga mwa Khristu, ambiri kuno kwa Wimbe mumandidziwa ndi dzina loti Wailesi. Dzinali silinangobwera. Ndinali mayi wapakamwa. Ndikayamba kulalata, ngakhale agalu ankakabisala m'chigafa.

Ndinkati ndimanena chilungamo, koma kunali kunyada. Tsiku lina mpongozi wanga anasoka fodya mosakaniza masamba. Ndinamunyoza pamaso pa aganyu mpaka anamanga katundu kubwerera kwawo ku Simlemba. Mwana wanga Yohane anasiya kundipatsa moni. Apa m'pamene ndinayamba kuliopa lilime langa.

Mumphakati wathu muli a Nabanda. Ndi awo akhala kumbuyoko, akuyang'ana pansi poti ndawatchula. Ndi mayi ofatsa, osapupuluma. Akamatsogolera korona, mtima umakhala m'malo. Ndinkawasirira kwambiri. Ndinati kuyera mtima n'kumeneku, kukhala chete. Mwezi wa Korona utayamba ndinalonjeza Amayi Maria kuti ndikhala a Nabanda achiwiri.

Masabata awiri ndinatseka pakamwa. Anthu ankandifunsa ngati dzino likundiwawa.

Inali nthawi yolemba mayina a makuponi a feteleza. Pamsonkhano wowerenga mayinawo, dzina la a NyaGondwe silinatuluke. Awa ndi mayi amasiye olera adzukulu atatu, ndipo munda wawo ndi wamchenga, popanda feteleza sakolola kanthu. M'malo mwake tinamva dzina la bambo amene tinawaika m'manda chaka chatha. Tonse tinamva. Ine ndinangofinya korona n'kuluma mlomo, kumadziona ngati woyera.

A Nabanda anasendera pafupi n'kundinong'oneza: "Amake Yohane, bwanji mwangoti duu?"

"Ndikutsanzira inu," ndinayankha.

"Ine ndikaimirira pagulu mawu satuluka. Chikhalireni pano ndikupempha Mulungu kuti inuyo mulankhule. Pakamwa anakupatsani paja mukusungira yani?"

Ndinachita manyazi, abale. Ndinaimirira. Mawu anatuluka aakulu ngati kale, koma sindinatukwane munthu. Ndinangofunsa a komiti kuti, "Kodi malemuwa fetelezayu akathira munda uti?"

Anthu anaseka, kenako anayamba kung'ung'udza. Dzina lija analifufuta n'kulembapo la a NyaGondwe. Mayiwo anandigwira dzanja misozi ili mbwembwembwe, n'kundithokoza m'chilankhulo chakwawo: "Yewo, mama, yewo chomene."

Tsiku limenelo ndinamvetsa. Mulungu sankafuna a Nabanda awiri. Iwo anawapatsa maso oona amene akuvutika ndi mtima wopemphera osatopa. Ine anandipatsa mawu osaopa gulu. Chofunika kuchotsa mwa ine chinali kunyada, osati mawuwo.

Ndinakalapa kwa bambo mfumu, kenako ndinakwera njinga ya kabaza mpaka ku Simlemba. Mpongozi wanga ndinamunyoza pagulu, choncho ndinamupepesanso pagulu, mokweza, mudzi wonse ukumva. Anabwerera. Lero timasoka fodya limodzi, ndipo ndikayamba kutentha amangoti, "Amayi, korona."

Iwe wofatsa, usadzione wachabe. Iwe waphokoso ngati ine, usathawe tchalitchi poganiza kuti muno ndi mwa ofatsa okhaokha. Bwera mmene ulilimo, Mwini wake akudziwa pokugwiritsa ntchito.

Dengu la chimanga mukuliona patsogolo pa guwalo abwera nalo ndi a NyaGondwe, lachokera m'munda wamchenga uja. Yesu Khristu atamandike, amene anamva pemphero la mayi wosalankhula n'kuliyankha ndi pakamwa pa Wailesi.