Ngolo ya ku Siloni ndi Nyumba ya Alendo ya pa Fort Lister

Olemekezeka Bwana Wachiwiri kwa Disi, amene mwachokera ku boma ndi fumbi lonseli. Olemekezeka mafumu athu a pano pa Fort Lister, a ku Jenala ndi a kwa Chiwalo. Olemekezeka Shehe Abdulrazak. Olemekezeka Abusa Julius. Mayi Eveles ndi amayi nonse amene munasenza madzi oumbira njerwa. A Sulemani, amene munayambitsa ntchitoyi. Asilikali anzanga a Keyala. Amayi ndi abambo, landirani moni wanga.

Ine ndine Goliati, ndinali sajeni pa nkhondo yathayi. Ndikuthokoza kuti mwandikhazika pa mpando uwu, ngakhale njerwa zimene ndinaumba ine sizingakwane ndi khola la nkhuku lomwe. Popeza tikutsegula nyumba ya alendo, mundilole ndinene za nthawi imene ndinali mlendo m'dziko la eni.

M'chaka cha 1943 sitima inatitsitsa pa chilumba cha Siloni. Mkulu wathu anatifoletsa, natipatsa aliyense khadi, nati: "Kuno simulipira msonkho, simupempha chilolezo chokhalira. Wapolisi wa kuno akakugwirani, muonetseni khadili. Mlandu wanu uweruzidwa ndi asilikali okhaokha, monga mmene akazembe a maiko saimikidwira m'bwalo la eni dziko." Bwana, mundikhululukire, koma tinakondwa. Ife amene tinkathawira m'phiri la Michesi tikaona mesenjala wa msonkho, tsopano wapolisi ankatipatuka mumsewu!

Mmawa wina ndinkayendetsa lole pamtsetse, Kopolo Sulemani ali pambali panga. Ndinaponda buleki, phazi linangolowa pansi. Kutsogolo kunali ngolo yodzaza kokonati. Ng'ombe yokoka ngoloyo inafera pomwepo, ndipo mwini ngolo, bambo wachikulire, anathyoka mwendo. Anthu anatizungulira, wapolisi nandigwira mkono. Ndinatulutsa khadi. Anawerenga, anayang'ana bambo uja ali pansi, kenaka anandisiya. Sanandinyoze, sanandikalipire, koma nkhope imene anandiyang'ana nayo ndimaionabe.

Bwalo la asilikali silinachedwe. Anati cholakwa chinali cha lole, ine ndilibe mlandu. Ndinatuluka ndikuimba mluzu. A Sulemani anali kundidikira panja, manja kumbuyo.

"Goliati," anatero, "khadi lakumasula. Nanga mwendo wa bambo uja wamasulidwa ndi ndani?"

Ndinati, "Lamulo lanena kale, Kopolo. Ine si wa kuno."

"Inde si iwe wa kuno. N'chifukwa chake uyenera kupita. Ukakwera sitima, iwo azikumbukira kuti anthu akuda a malole amapha ng'ombe n'kuonetsa pepala. Lamulungu lino tipita."

Ndinachita mantha, abale, kuposa amene ndinadzachita pambuyo pake m'nkhalango za ku Bama. Tinapita kwa bambo uja opanda mfuti. Pakhomo tinapeza amuna ambiri, ena atagwira zikwanje zosendera kokonati, ndipo palibe anatilozera pokhala. A Sulemani ataona zisoti zawo anazindikira kuti ndi Asilamu anzawo, napereka salamu mokweza. Kenaka mawu ofooka anayankha kuchokera m'nyumba, ndipo amuna aja anatipatsa njira.

Mwana wamkazi wa bamboyo ankadziwa Chingerezi pang'ono, ndiye ankamasulira. Ine ndinagwada, nditavula chipewa. Bamboyo anandiyang'ana nthawi yaitali, nati: "Akuti boma lathu silingakukhudze. Nanga wadzatani?" Ndinati ndadzapepesa. Iye anati kupepesa wakumva, koma kokonati zake zikuwola m'munda, ng'ombe yokokera ku msika palibe.

Musaweramitse mutu, a Sulemani, ndinena ndithu. A Sulemani awa anavula malaya ausilikali a Mfumu, nalowa pa ngolo pamalo pa ng'ombe. Ine ndinalowa mbali inayo. Masabata asanu, tsiku lathu lopuma lililonse, asilikali awiri a ku Nyasalande ankakoka ngolo mitunda itatu, mudzi wonse ukuseka monga mukusekeramu. Sabata lachitatu kuseka kunatha, amayi anayamba kutidikira panjira ndi madzi. Tsiku lotsiriza bambo uja anandisendera yekha kokonati kuti ndimwe, atakhala pamphasa, mwendo utamangidwa. Sanadzayendenso bwinobwino, ndipo zimenezo sindingazikonze. Koma anandigwira dzanja.

A Sulemani, zaka zisanu ndi zitatu zapita ndisanakuthokozeni pagulu. Lero, pamaso pa mafumu ndi pa Bwana, ndikuti zikomo. Boma linandipatsa ufulu wokhala m'dziko lija, koma amene anandilowetsa pakhomo la munthu ndinu.

Tsopano taonani mpata uwu wa pakati pa Mulanje ndi Michesi. Mwezi ndi mwezi mumadutsa anthu ochokera kwa Apwitikizi, ena akusaka ntchito m'minda ya tiyi, ena atanyamula wodwala pamachira. Alibe khadi lowateteza, alibe mkulu wowalankhulira. Bambo anga anadutsa momwemu, khasu paphewa, mayi anga ali ndi pakati, nagona pansi pa mtengo masiku anayi mpaka munthu wina wa kuno anawatsegulira chitseko. Ambiri a inu mukugwedeza mitu, chifukwa nkhaniyi ndi ya kwanunso.

Za mapepala ndi za boma, ndipo Bwana alipo, adzaziona. Zathu ife ndi denga, mphasa ndi madzi akumwa. Ndikuthokoza Asilamu a kwa Chiwalo amene anatema milimo ya denga, Akhristu a ku Jenala amene anamweta udzu, ndi mafumu amene anapereka malo osafunsa kuti adzagonamo ndi mtundu wanji. Ndikupempha chimodzi: wofika pano, kaya alankhula Chilomwe, kaya Chiyao, kaya chinenero chimene sitinachimvepo, ayambe wakhala pansi ndi kumwa madzi, mafunso abwere pambuyo.

Ndi mawu amenewa, mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti nyumba ya alendo ya pa Fort Lister yatsegulidwa kuyambira lero. Mayi Eveles, chotsani mpiringidzo.

Zikomo kwambiri.