Chotupa cha Pamkono

Pamzere wogulira mankhwala ku Beirut, mayi wina anafunsa mayi amene anali patsogolo pake.

"Pepani achemwali, mkonowo mwavulala?"

"Ayi, ndikuyesa katundu. Thupi langa limadana ndi labala. Choseweretsa cha kuchipinda chimene amuna anga a Wadih anandigulira chinanditulutsa zidzolo, ndinkayenda chotang'adza ngati bakha."

"Mayo! Ndiye munasiya?"

"Kusiya? Tagula china cha silikoni, pulasitiki yofewa ija. Koma chatsopano chilichonse ndimayamba ndachimanga pamkono tsiku lonse. Pakapanda kuyabwa, chapambana mayeso."

"Ndiye chatukumula malayacho ndi chimenecho?"

"Eya, ndipo sipakuyabwa. M'mawa apongozi anga anachisisita, n'kundipempherera kuti chotupacho chichoke."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati ameni amayi, chichoka lero lomwe."