Fomu ya M'chikwama cha Lettie

Pamzere woyezetsa kutentha kwa thupi pa siteshoni ya sitima ya Msheireb, m'dziko la eni, Lettie, wantchito ya m'nyumba ku Al Messila, ankaonera filimu pafoni. Atangoti "mayo ine", bambo wa yunifolomu ya hotela kumbuyo kwake anasuzumira.

"Kodi ndinu akwathu? Mayi ali m'filimuyo ndimawadziwa, achemwali. Anakhala kwarantini kuhotela yathu ku Al Dafna. Ndinkawasiyira chakudya pakhomo."

"Inu! A ku Amerikawa? Madamu anga amati si otchuka, amangosewera timafilimu ta amphawi."

"N'zoona. Tinkacheza chitseko chili chitsekere. Akuti makampani aakulu anawaitanapo, iwo n'kukana, khalas, nkhani n'kuthera pomwepo. Zaka makumi atatu akusewera makilina ndi amayi osiyidwa."

"Umu ndi wantchito ngati ine. Taonani, akukolopa chafutambuyo kuti asaponde ponyowa. Anawaphunzitsa ndani?"

"Akuti anakolopa m'nyumba za eni miyezi inayi asanajambule."

"N'chifukwa chake. Ndaionera kasanu, koma akangoyamba kulongedza kuti achoke kwa bwana wawo, ndimazimitsa."

"Bwanji?"

"Paja lamulo latsopano likuti tingasinthe ntchito popanda chilolezo cha bwana. Fomu ndinalemba, yatha mwezi m'chikwamamu. Koma kamtsikana ka madamu anga sikadya ndikapanda kukadyetsa ine."

"Nanga m'filimumo mulibe mwana?"

"Alimo."

"Ndiye lero musazimitse, achemwali. Mzerewu ndi wautali. Sendezani foniyo kuno, tione limodzi mmene anatsanzikira."