Bakha Musamukweze

A Tcheyamani a chipani a dera lino, a Manijala, a Shehe, a kapitawo, mayi Kulusumu ndi ana onse a kwa Che Uladi, anzanga a ku uvuni wa laimu ndi a ku galaja, ndakulonjerani nonse.

Ine ndine Pitala, wa pageti. Msana usanandikane ndinkasenza matumba a laimu pakampani pano. Sukulu sindinapite nayo patali. Mawu awa ndinkanena pang'onopang'ono, mwana wanga Elliam nkumalemba. Ndi uyu akuwerengayu, kalaliki wathu wa pa sikelo. Iye awerenga ali chikhalire, ine ndiimirira m'malo mwake. Ndamuuza kuti asadumphe liwu ngakhale limodzi, lingamuwawe bwanji. Zimene ndaona lero lomwe ndiziwonjezera ndekha pakamwa.

Che Uladi, makaniko wathu, lero mukupita kukapuma.

Anthu inu, bambo awa amadana ndi chinthu cholemera. Atangobwera kumene, a kapitawo a nthawi imeneyo anawapatsa njinga kuti amate chubu. Chubu basi. Njinga inabwerako yopanda belu, yopanda keliyala, yopanda madigadi. A kapitawo akuti, "Zinazo zili kuti?" Iwo akuti, "Zimakulemetsani, bwana. Taikwerani muone." Anaikwera. Inathamangadi. Koma linali dzinja, ndipo anafika kwawo ndi mzere wa matope kuyambira m'matako mpaka pankhongo.

Mpaka lero Che Uladi sadutsa galimoto osaimenya teke pa tayala. Ya alendo, ya maliro, ya akuluakulu, zonse amazimenya. A Tcheyamani, yanu ija aimenya kale, ndaona ndili pageti.

Tsopano ndinene za Bakha, pikapu yathu yotenga antchito a ku Nkaya m'mawa ndi madzulo. Achinyamata mukudziwa kuti ndi yaifupi, imayenda mimba ili pafupi ndi dothi, nchifukwa chake munaipatsa dzinalo. Koma simudziwa kuti inafupika bwanji.

Kale inali yaitali, ya chikhola cha zitsulo kumbuyo. Elliam wangayu poliyo anamugwira miyendo ali wakhanda. Mutu sanaugwire iyayi. Anakhoza sukulu, anapikisana ndi anzake a miyendo iwiri, ntchito ya pa sikelo nkuipata yekha. Koma pikapu sankatha kuikwera. M'mawa uliwonse pa msika wa Nkaya ndinkamunyamula ine, nkumuponyera m'mwamba ngati thumba, ndodo zake nkutsatira pambuyo. Mwamuna wa ndevu, atavala tayi, atsikana ogulitsa zitumbuwa akuonerera. Iye sankadandaula. Ankangoyang'ana pansi.

Tsiku lina Che Uladi anationa. Sananene za chisoni. Anangoimenya teke pikapuyo nkunena kuti, "A Pitala, mwanayu si wamfupi. Galimotoyi ndi imene yatalika."

Anapita kwa malemu a Samson, amene anali manijala wathu nthawi imeneyo. A Samson anati, "Uladi, chita zimene ukudziwa, bola iyende." Ndiye anaikweza pa jeke, nkulowa pansi. Pansi pa galimoto pali zitsulo zaphanthiphanthi zosanjikizana zija amati masipuling'i. Anamasula, nkusololamo zina uku ndi uku. Ataitsitsa pa jeke, pikapu inakhala pansi ngati ng'ombe yokhuta.

Koma Che Uladi, musazolike, ndinena ndithu. Ulendo woyamba munachotsa zambiri. Tikudutsa pa njanji ku Nkaya, galimoto inagunda mimba pa chitsulo nkukakamira pomwepo. Matayala akuzungulira, ife osasuntha. Uko sitima ya katundu yayamba kulira. Tonse tinalumphira pansi kukankha. Amayi a pamsika anataya malichero nkubwera kudzakankha nawo. Inu Chichewa chinakuthawani, munkangokuwa m'Chiyao, "Kwende! Kwende!" kutanthauza kuti tiyeni. Elliam yekha ndiye anatsala m'mwamba, akuseka mpaka misozi. Ine ndinali ndisanamumvepo akuseka pa galimoto imeneyo.

Mawa lake munabwezera chitsulo chimodzi mbali iliyonse. Kenako munati, "Miyendo ndaichepetsa, tsopano ndichepetse katundu wake." Chikhola chija chinatsika. Chitsulo chakutsogolo chogundira ng'ombe chinatsika. Chitseko chakumbuyo, chimene tinkatsegula anthu awiri, munachichotsa nkuikapo thabwa lopepuka, ndi kachitsulo kopondapo m'munsi mwake. Galimoto inapepuka moti nthawi imene petulo anasowa chifukwa cha nkhondo ya kutsidya kwa malireku, malole ataima, Bakha yekha ndiye ankayenda.

Mutangomaliza kuikonza, Lolemba lotsatira ndinatambasula manja kuti ndimunyamule mwana wanga monga mwa masiku onse. Iye anati, "Ababa, tapatukani." Anaponya ndodo m'mwamba, anagwira thabwa, anadzikoka, nkukhala. Yekha. Ine ndinatsala ndi manja m'malere, osadziwa kowaika.

Zimenezo ndiye munandichitira, Che Uladi. Simunatipatse ndalama. Simunatilalikire. Munangotsitsa galimoto kufikira pamene mwana wanga angaifikire. Mayi Kulusumu, maovolosi amene munachapa zaka zonsezi, sopo wake atakhala pamodzi akanadzaza lole. Zikomo potibwereka bambowa.

Apa tsono kuseka kuthe, chifukwa ine ndakwiya.

A Manijala, mwabwera chaka chino, ndipo takulandirani bwino. Koma sabata yatha munaima pageti langa nkunena kuti Che Uladi akangochoka, pikapu ikwezedwe, izikatula laimu ku Liwonde, antchito a ku Nkaya azikwera pamwamba pa lole. A kapitawo anakufunsani kuti, "Nanga kalaliki wa pa sikelo?" Inu munati, "Amene sangathe kukwera lole akafune ntchito kufupi ndi kwawo." Munanena ine ndili pomwepo, nditagwira geti. Kaya simunadziwe kuti ndine bambo wake. Kaya munadziwa, koma munaona kuti wa pageti alibe makutu.

Mwana uyu analakwitsapo sikelo? Anachedwapo? Ntchito yake amaigwira ndi miyendo kodi? Lole imeneyo ngakhale ine wa miyendo iwiri ndimaikwera ndikupemphera.

Sizinathere pomwepo iyayi. Munaitana Che Uladi, munthu wa imvi, nkuwauza kuti asanachoke abweze zitsulo zonse zimene anachotsa, ngati kuti anaziba. Munthu amene wagona pansi pa magalimoto a kampani ino mpaka mawondo kutha! Iwo ndi munthu wa Mulungu, anangoti, "Chabwino, bwana." Ine sindingoti chabwino.

A Tcheyamani, musandiyang'ane choncho. Khadi la chipani ndili nalo m'thumbamu. Sindikunena za boma, ndikunena za pikapu.

A Manijala, zitsulozo ndikuuzani kumene zili. Kuno kwathu sipuling'i ya galimoto sitayidwa, imapita kwa wosula. A Samson anati zigawidwe kwa antchito, ndipo wosula wa kwa Nsamala anazisula. Nkhwangwa iyi ndaika patebulopa ndi imodzi mwa izo. Tengani, ndabweza. Zikwanje za anyamata a ku uvuni ndi zomwezo. Mpeni umene Che Uladi aphera mbuzi imene mukudyayi ndi womwewo, ndipo ndaona kuti nyamayo mwaikonda. Chikhola chija nacho sichinapite kutali. Zitsulo za m'mawindo a nyumba ya kampani imene mukugonamo ndi zomwezo. Ngati mukuzifunadi, yambirani kuzula kwanuko, ife titsatira.

Ndikudziwa kuti mungathe kugula masipuling'i ena ku Limbe. Mphamvu muli nazo, ine ndilibe. Koma mvetsani. Lolemba m'mawa ine ndi Elliam tidzakhala pa msika wa Nkaya. Akabwera Bakha monga alili, mwanayu adzakwera yekha, ine ndidzakutsegulirani geti ndi sawatcha. Ikabwera lole, palibe amene adzamugwire. Ndidzamubereka ndekha ndi msana wothyokawu, kukwera naye, kutsika naye, nkudutsa naye pakhomo pa ofesi yanu mpaka pa sikelo. Mawa lake chimodzimodzi. Ntchito sasiya. Inu muzidzangosankha koyang'ana.

Che Uladi, pepani kuti ndakuwawitsirani phwando. Koma munthu sitingamuthokoze ndi pakamwa uku tikumasula ntchito ya manja ake asanatuluke ndi pageti pomwe.

Pitani mukapume. Mukalime nandolo wanu, mukapite ku mzikiti Lachisanu osayang'ana wotchi ya kampani. Mulungu akupatseni masiku ambiri ndi mawondo atsopano. Mayi Kulusumu, njinga za adzukulu muzibise, apo ayi zitsala mafelemu okhaokha.

Tsopano tonse tiwaombere m'manja bambowa, mwamphamvu, mpaka zimveke ku njanji ya Nkaya. A Manijala, inunso manja muli nawo.

Elliam, pepala lathera pamenepa. Liike pansi, mwana wanga, uombe nawo.