Ndinawotcha Nkhope ya Mwana wa Eni

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye Yesu, nonse amene mumawerenga tsamba lino. Dzina langa ndine Dorika, koma pa Ntcheu Boma ambiri amangonditchula kuti aNajere a saluni. Ndakhala ndikuwerenga maumboni a anzanga nthawi yaitali, ena achira, ena apeza ntchito, ine n'kumangolemba kuti Ameni n'kudutsa. Wangawu ndi wovuta kuunena, chifukwa vuto langa silinachite kundigwera. Ndinalipanga ndekha ndi manja angawa. Ndinawotcha nkhope ya mtsikana amene ankayembekezera chinkhoswe, kenako ndinanama. Ndikulemba mwiniwake atandilola, ngakhale dzina lake ndalisintha.

Saluni yanga ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa msika. Ntchito imene ndimaidziwa ndi ya tsitsi, kuluka, kuwongola ndi kusoka mawigi. Chaka chatha makasitomala anayamba kundifunsa za nkhope. Ankabwera ndi foni n'kundionetsa azimayi a m'tauni atachita zimene amati kemiko pilu. Amakupaka mankhwala a asidi kumaso, pakapita masiku khungu lapamwamba limafundula, ndipo pansi pamatuluka losalala lopanda madontho. Ndinkachita manyazi kuyankha kuti sindizidziwa. Choncho nditamva kuti mayi wina wopikula katundu ku Joni ali ndi timabotolo ta mankhwalawo, ndinagulako kamodzi. Zolemba pa botolopo zinali zing'onozing'ono, Chingerezi chake chovuta, moti ndinangowerenga dzina lokha. Sukulu yanga yonse inali mavidiyo atatu a pafoni. Sabata yomweyo ndinalembetsa pakhomo kuti timakonzanso nkhope.

Tiyamike anabwera Lachiwiri lina m'mawa kuchokera ku Bwanje. Anali mtsikana wofatsa, woyankhula motsitsa mawu. Anati chinkhoswe chake chatsala mwezi, ndipo akufuna kusankhiratu malukidwe a tsitsi. Mwamuna womufunsirayo ankagwira ntchito m'mafamu ku Joni, ndipo anali asanaonane zaka ziwiri. Titatha za tsitsi anadziyang'ana pagalasi, n'kugwira masaya pomwe panali madontho akuda otsalira ku ziphuphu.

"Anti, kodi awa angachoke?" anandifunsa.

Ndinamuyankha kuti achoka, sabata imodzi yokha. Sindinamuuze kuti iyeyo ndiye woyamba.

Ndinamupaka ndi thonje nkhope yonse. Pavidiyo paja ankati mankhwalawo akhale mphindi zochepa, koma kasitomala wina amene anali m'makina owumitsira tsitsi anandiitana, ndipo ndinapita. Ndili uko, Tiyamike anati, "Anti, akuwawa." Ndinamuuza kuti akamawawa ndiye kuti akugwira ntchito, apirire. Anayamba kulira, ine ndikumalizitsabe mutu wa kasitomala wina uja. Pomwe ndinabwerera, tsaya lake lakumanzere linali litayera ngati phulusa. Ndinaona, koma nkhope yanga ndinaiwumitsa. Ndinamusambitsa ndi madzi, ndinamukupiza ndi katoni, ndinamudzoza mafuta, n'kumuuza kuti zimatero. Sindinamuuze kuti apewe dzuwa, chifukwa inenso sindinkadziwa. Mawa lake mwanayo anapita kumunda wa mpunga kusikimu ya ulimi wothirira, ndipo amene mukuidziwa Bwanje mukudziwa mmene kumatenthera.

Patapita masiku asanu ndinalandira foni kuchokera kwa mayi ake, aNangozo. Anati nkhope ya mwana yatupa, matuza aphulika ndipo pakutuluka mafinya. Tiyamike anali atangowauza kuti kusaluni anamupaka mafuta, chifukwa naye ankachita manyazi. Mayiwo anandifunsa mwaulemu kuti anali mafuta anji. Ndinawayankha kuti ndi wamba, ndipo anthu ambiri ndawapaka osavuta. Ndikanalekera pomwepo likanakhala bodza limodzi. Koma ndinawonjezera mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira ndimafuna kulowa pansi. Ndinati, "Mwina alipo amene sakukondwa ndi ukwatiwu."

Mawu amenewo anakagwera pa munthu. Tiyamike ali ndi azakhali ake, aNachisale, mayi wamasiye amene anakanganapo ndi bambo a mtsikanayu pa nkhani ya malire a munda. Banja lonse linaloza chala kwa iwo. Anawachotsa pa gulu la ophika pachinkhoswe, anthu anasiya kuwalonjera, ndipo akafika pamjigo azimayi ankanyamula ndowa zawo n'kuchoka. Ndipo poti vuto linkaoneka ngati la kulodzedwa, mwanayo sanamupititse kuchipatala. Anapita naye kwa sing'anga.

Zonsezi ndinkazimva, chifukwa anthu a ku Bwanje amabwera pamsika pano tsiku lililonse. Botolo lija ndinalibisa pansi pa katoni ya mawigi. Ndinkadziuza kuti bala lipola lokha ndipo nkhani izizira.

Lachinayi lotsatira ndinapita ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, nditavala yunifolomu yanga yochapa bwino. Pa nthawi ya zopempherera, mayi wina amene ali ndi abale ku Bwanje anaimirira n'kupempha kuti tikumbukire mtsikana amene walodzedwa nkhope chinkhoswe chili pafupi. Amayi apampando anayang'ana uku ndi uku, n'kuloza ine kuti nditsogolere pempherolo. Abale, ndinaimirira. Ndinatsinzina, ndinakweza mawu, ndinapempha Mulungu kuti achiritse mwanayo ndi kuchititsa manyazi amene wachita zimenezi. Amayi onse anavomera kuti Ameni. Nditakhala pansi, nyimbo yotsekera sindinathe kuimba.

Kuchokera tsiku limenelo chakudya chinasiya kulowa. Amuna anga ankandifunsa ngati ndikudwala, ine n'kumati ndi mutu chabe. Kasitomala akakhala pampando ndinkapewa galasi kuopa kuona maso anga. Poyamba pemphero langa linali lakuti nkhaniyi isadziwike. Ndinapemphera motero sabata yathunthu, ndipo kumwamba kunali zii. Ndiye masana ena ndinamva kuti Tiyamike wayamba kutentha thupi ndipo diso lakumanzere likutsekeka ndi kutupa. Ndinakhoma chitseko cha saluni, ndinagwada pakati pa tsitsi lomwe linali pansi. Ndinati, Ambuye, ndine ndinachita. Ndikudziwa chofunika kuchita, koma ndilibe mphamvu yokaima ndekha pamaso pa anthu aja. Ngati simunanditaye, nditumizireni wondigwira dzanja.

Ndinkaganiza kuti ngati abwera munthu, akhala abusa kapena mmodzi wa amayi anzanga. Amene anagogoda tsiku lomwelo chakumadzulo anali Mayi Asiyatu. Iwowa ndi Asilamu, ali ndi shopu ya nsalu yogundizana ndi saluni yanga. Sitinali pa ubwenzi. Tinakanganapo chifukwa cha madzi otsukira tsitsi amene ankayenderera pakhomo pa shopu yawo, ndipo kuyambira pamenepo tinkangopatsana moni wowuma. Analowa, anakhala pa mpando wa makasitomala, n'kukonza mpango wawo.

"ANajere, khoma ili ndi la njerwa imodzi," anatero. "Ndinamumva mwana uja akulira tsiku lija."

Ndinayamba kukana, koma anakweza dzanja.

"Sindinabwere kudzakuyalutsani. Ndikanafuna, msika wonse bwenzi ukudziwa. Mchimwene wanga amagulitsa ku Bwanje, wandiuza mmene mwanayo alili ndi mmene akuvutikira mayi wosalakwa uja. Inenso ndakhala chete nthawi yaitali, ndikuopa Mulungu. Mawa sinditsegula shopu. Tipite limodzi, ndipo botolo lija mutenge."

Ndinalira ngati mwana. Madzulo amenewo ndinawauza amuna anga zonse. Anagwira mutu, kenako anati ndipite, chilichonse chimene chichitike iwo alipo.

M'mawa tinakwera minibasi kutsikira ku Bwanje. Njira yonse ndinkalakalaka galimoto ife. Titafika, Mayi Asiyatu anapempha kuti aitanidwe bambo a mwana, amalume ake komanso aNachisale. Tiyamike anali atagona pamphasa m'nyumba, atafunda chitenje kumutu. Atachivundukula ndinaona ntchito ya manja anga. Tsaya lonse linali chilonda, pamwamba pake atapaka mankhwala akuda a kwa sing'anga. Anandiyang'ana ndi diso limodzi.

Panja anatiyalira mphasa, koma ine ndinagwada pa dothi. Ndinatulutsa botolo n'kuliika patsogolo pawo. Ndinanena zonse, kuti ndinamupaka asidi amene sindimamudziwa, kuti ndinamusiya akulira, kuti ndinanama pafoni, ndipo kuti za kulodzedwa ndinaziyambitsa ndine. Mawu ankatuluka modukaduka. Bambo a Tiyamike anadzambatuka n'kunena kuti ulendo ndi wa kupolisi, ndipo sindikanawatsutsa. ANangozo ankangolira. ANachisale analiyang'ana botololo nthawi yaitali.

"Ndiye mwandiika m'manda ndili moyo chifukwa cha kabotolo aka?" anatero.

Ndinangowerama mpaka chipumi chinakhudza pansi. Amene anadula zonse anali Mayi Asiyatu. Anati mlandu sukuthawa ndipo wolakwa wabwera yekha, koma mwanayu apite kuchipatala lero lomwe.

Tinabwera naye kuchipatala cha pa Boma masana omwewo. Adokotala amene anamuona anawerenga botolo lija n'kupukusa mutu. Anati asidi wamphamvu chonchi amapakidwa ndi anthu ophunzira za khungu, atamuyeza kaye munthu, ndipo khungu lakuda ngati lathuli silichedwa kutsala ndi zipsera ndi madontho mankhwalawa akapyola muyeso. Anati chilondacho chalowa matenda, ndipo tikanachedwanso, diso likanakhala pa ngozi. Anatinso botololo lawathandiza kudziwa chimene akulimbana nacho. Anandifunsa kuti ndinaphunzira kuti ntchitoyi. Ndinayankha kuti pafoni, anamwino awiri akumva.

Anamugoneka masiku angapo. Ndinatseka saluni n'kumathandizana ndi mayi ake kumudikirira, kuphika phala ndi kuchapa. Masiku atatu oyamba Tiyamike sanandiyankhule. Ndikamupatsa kapu ankalandira akuyang'ana kukhoma. Tsiku lachinayi, kutupa kutayamba kuphwa ndipo diso litatseguka, anandifunsa kuti, "Anti, bwanji simunabwere nditakuitanani?" Ndinamuuza zoona, kuti ndinkaopa kuoneka wosadziwa pamaso pa kasitomala winayo. Anangogwedeza mutu, misozi ikutsika.

Za kupolisi banja linazisiya, koma linagamula kuti ndikayeretse dzina la aNachisale pagulu. Ndinabwereranso ku Bwanje ndi amuna anga, ndipo ndinaima pamaso pa anthu a m'mudzimo n'kunena kuti mayi awa sanalodze munthu, wolakwa ndine. Lachinayi lotsatira ndinaululanso kwa amayi anzanga, m'chipinda chomwe ndinapempheramo mwachinyengo. Mpingo unandiimitsa pa mgonero kwa kanthawi. Makasitomala ambiri anandithawa, ndipo ndikadutsa pamsika ndinkamva anthu akunong'onezana kuti ndi uja wa asidi. Zinawawa, koma kwa nthawi yoyamba chakudya chinayamba kulowa.

Sindikunamizani kuti zonse zinabwerera mwakale. Tiyamike anachira, diso likuona bwinobwino, koma pa tsaya pali chipsera chakuda chimene chikuzimirira pang'onopang'ono. Amadzola mafuta oteteza ku dzuwa amene anamuuza achipatala, ndipo kumunda amapita atavala chipewa. Chinkhoswe chinaimitsidwa miyezi inayi. Mnyamata uja atabwera kuchokera ku Joni anakhala naye pansi, anamuyang'ana, n'kunena kuti tsiku likhazikitsidwenso. Anakwatirana. Tsitsi Tiyamike anakalukitsa kwina, ndipo sindinadandaule. Koma chinkhoswe chitatha ananditumizira uthenga pafoni wakuti wandikhululukira, ndisamadzizunzenso. Uthengawo sindinaufufute.

ANachisale ndiwo anatenga nthawi. Ndikawalonjera ankangoyankha ndi mutu, ndipo ndinkadziwa kuti ali ndi chifukwa. Mwezi wathawu anabwera pa Boma kudzayezetsa magazi. Pobwerera anaima pakhomo pa saluni yanga, thukuta lili kamukamu, n'kupempha madzi akumwa. Ndinatsuka kapu kawiri n'kuwapatsa madzi. Anamwa onse, anabweza kapu, n'kunena kuti, "Mutsale bwino, mwana wanga." Atapita ndinakhala pansi n'kulira, Mayi Asiyatu akundiyang'ana ali pakhomo pa shopu yawo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anakana pemphero langa loyamba n'kuyankha lachiwiri. Ndikumuthokoza chifukwa cha diso la Tiyamike, chifukwa cha achipatala, chifukwa cha amuna anga amene sanandithamangitse, komanso chifukwa cha mayi wa chipembedzo china amene anatseka shopu yake tsiku lathunthu kuti andiperekeze ku manyazi anga. Makasitomala akubwerera mmodzimmodzi. Wina akafunsa za nkhope ndimamuuza kuti sindidziwa, apite kwa odziwa za khungu kuchipatala.

Anzanga a masaluni, nkhope ya munthu si pophunzirira ntchito. Ndipo inu amene mukuwerenga muli ndi chinthu chimene mwabisa, wina akuvutika m'malo mwanu, musataye mtima ndipo musadikire kuti chizizire chokha. Pempherani, ndipo wogogoda akabwera mutsegule, ngakhale atakhala munthu amene simumamuyembekezera. Kugwada pa dothi pamaso pa anthu kumawawa, koma ine ndinagwada ndipo sindinafe. Ambuye akugwireni dzanja nonse. Ameni.