Moto sunathe poizoni wa m'khofi

Anzanga omvera, ine ndimagulitsa tiyi pa boda ya Mchinji. Tsiku lina dalaivala anandipatsa khofi wosakazinga amene ananyowa m'thiraki n'kuchita chuku. Ndinamukazinga m'chiwaya ngati mtedza, fungo lokoma n'kufika mpaka kumsewu.

Alamu anga, alangizi a zaulimi, anandipeza ndikusinja. Atamva kumene khofiyo wachokera anati, "Alamu, tayani. Moto umapha chuku, koma poizoni wake satheratu. Amadya impso mwakachetechete."

Ndinayang'ana pambaula. Makala omwewa amafiiritsa chitsulo, koma kanthu kosaoneka ndi maso akukalephera. Mpaka lero ndimazizwa nazo.

Khofiyo ndinakamukwirira kuseri. Ndikubwerera, ndinakumbukira kuti mtedza wachuku, umene ogula amaukana kumsika, ndi umene ndakhala ndikuwasinjira ana anga m'phala zaka zonsezi.